Kulongedza Njinga pa Ulendo Wogona Kutchire: Malangizo a Pang'onopang'ono

Anthu ambiri amene amayesa ulendo wa panjinga wa masiku awiri kapena atatu m'misewu ya fumbi amagonja chifukwa cha katundu, miyendo isanatope n'komwe. Munthu amaunjika zonse pa kaliyala, zotsala n'kuziponya m'chikwama cha kumsana. Akafika pa mtsetse woyamba wa miyala njinga imayamba kupepeluka, masipoko akumbuyo n'kumathothoka limodzilimodzi, msana uli phuphuphu kuwawa. Pofika masana madzi atha, koma m'chikwama muli mathalauzi awiri ndi mpoto umene sudzafika pamoto.

Malangizo awa ndi a ulendo umene okonda masewerawa amautchula kuti bikepacking: kupalasa m'njira zopanda phula mutanyamula pogona, kamba ndi zida zanu panjinga pomwepo. Ndikulankhula ndi munthu amene ali ndi njinga ya magiya ya matayala onenepa, yatsopano kapena yogula pamsika itagwirapo kale ntchito, ndipo akufuna kuyamba ndi ulendo wogona usiku umodzi kapena uwiri. Simukusowa matumba odula ochokera kunja. Chofunika ndi kudziwa chimene chikhale pati, ndi kumanga mwakuti pasakhale chogwedera.

## Zofunika kukhala nazo

Njinga ndi zomangira
- Njinga ya magiya, ya matayala a mainchesi 2 kapena kuposerapo m'lifupi
- Thumba la m'kati mwa felemu
- Thumba lalitali losalowa madzi, la malita 8 mpaka 13, lomanga ku mahandulo
- Thumba la pansi pa chishalo, kapena kaliyala ndi kachikwama kakang'ono
- Malamba anayi ndi mphira zodula ku chubu chakale
- Majumbo okhuthala ndi tepi yakuda ya magetsi
- Chisoti

Zida zokonzera
- Mpope wogwirizana ndi valavu ya matayala anu
- Machubu awiri, zigamba, solushoni yosatsegula, kasandipepala ndi zochotsera tayala
- Ma allen key a 4, 5 ndi 6 mm, sipanala ya 15 ngati mawilo anu ndi a manati, ya 10 ndi ya 8, pulayasi yaing'ono, sikuludilaiva
- Chodulira tcheni ndi quick link (kachitsulo kolumikizira tcheni chikaduka) ya saizi ya tcheni chanu
- Masipoko atatu a saizi yanu ndi kasipanala kake
- Waya wa giya ndi wa buleki, mabuleki apadera
- Kabotolo ka oilo wa tcheni, kansanza, ma cable tie khumi, mabawuti angapo

Pogona ndi zovala
- Tenti yaing'ono, kapena lona yopepuka ndi neti ya udzudzu
- Sleeping bag (thumba lofunda logonamo) kapena bulangete lopepuka, ndi kamatiresi kopyapyala
- Zovala zopalasira, zovala zogonera, juzi, jekete lotchinga mphepo ndi mvula, chipewa cha ubweya, masokosi awiri

Madzi, kamba ndi zina
- Mabotolo okwana malita 3 kapena 4, ndi mankhwala oyeretsera madzi monga WaterGuard
- Mtedza, chiponde, buledi kapena chigumu, nthochi, mbatata yophika, mchere ndi shuga
- Thanzi ORS, bandeji, pulasitala, mankhwala ochapira bala, mapanado
- Foni, power bank, tochi ya pamutu, nyali ya njinga kutsogolo ndi kumbuyo, ndalama zosinthasintha, chiphaso

## 1. Sankhani njira musanagwire katundu aliyense

Njira ndiyo imanena zoti munyamule. Pa msewu wa fumbi wa zitunda, njinga yolemedwa imayenda makilomita 8 mpaka 12 pa ola mukawerengera kupuma ndi kukankha. Choncho kwa woyamba kumene, makilomita 40 kapena 50 pa tsiku ndi ntchito yokwanira. Musayerekeze ndi liwiro limene mumathamanga pa phula opanda katundu.

Yang'anani zinthu zitatu: kukwera kwa njirayo, pamene pali madzi, ndi pamene mungathawire zikavuta. Makilomita 30 a m'mbali mwa nyanja ndi makilomita 30 okwera phiri la Zomba ndi maulendo awiri osiyana. Tauni ya Zomba ili pa mamita osakwana 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Komabe kwa amene ali kumwera, phiri limeneli ndi sukulu yabwino: pamwamba pali misewu ya fumbi yopita ku Queen's View, Emperor's View ndi Chingwe's Hole, madzi ali ponseponse, ndipo china chikathyoka tauni ili pansi pompo.

Kumbukirani kuti mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ku Chelinda pa Nyika, pa mamita oposa 2,000, m'miyezi ya June ndi July udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Ku Viphya nakonso usiku sikuseweretsa. Amene akupita kumeneko ayenera kupereka malo ambiri kwa zofunda.

Tsitsani mapu a derali mu foni kuti azigwira ntchito popanda intaneti. Mapulogalamu a mu foni a OsmAnd ndi Organic Maps amachita zimenezi bwino. Lembaninso papepala mayina a midzi ndi misika imene mudutse, chifukwa foni ikazima mudzafunsa njira potchula mayina.

Chenjezo: m'mapaki ndi m'nkhalango za boma simungolowa ndi njinga mwakufuna kwanu. Funsani a ofesi yoyang'anira malowo kusanafike tsiku. Kumunsi kwa Nyika kuli njovu, ndipo njinga simveka ikamabwera.

## 2. Konzani njinga kutatsala sabata

Osati madzulo oti mawa mukunyamuka. Chinthu chatsopano chimene mwaika chimafuna masiku oti chikhazikike, ndipo vuto lake lionekere muli pafupi ndi mmisiri.

Zunguzani wilo lililonse muone ngati mkombero ukuyenda molunjika. Finyani masipoko awiriawiri ndi dzanja. Lofooka limadziwika msanga. Wilo lakumbuyo ndilo lidzasenze zambiri, ndiye lipatseni nthawi. Onani matayala m'mbali: ngati ulusi ukuonekera kapena pali ming'alu, sinthani. Mabuleki otha sinthaninso tsopano, pakuti njinga yolemedwa imadya mabuleki mofulumira, makamaka m'matope. Tsukani tcheni, chithireni oilo, kenako pukutani wotsala kunja. Tcheni chonyowa ndi oilo chimatola fumbi lonse la mumsewu n'kuyamba kudya magiya.

Mangani mabawuti onse, makamaka a kaliyala ndi a zoikamo mabotolo. Amenewa ndiwo amamasuka ndi mabampu.

Pomaliza, tengani chida chilichonse chimene mwakonza kunyamula muchiyese pa njinga yanuyo. Kodi mpope ukulowa pa valavu? Mavalavu alipo a mitundu itatu: Schrader wonga wa galimoto, Presta wowonda, ndi Dunlop amene ali pa njinga zambiri zakumudzi. Chubu chimene mudzagule pa msika wakumudzi chikhoza kukhala cha valavu yonenepa yosalowa pa bowo la mkombero wa Presta, ndiponso matayala a mainchesi 29 kapena 27.5 sapezeka paliponse monga a 26. N'chifukwa chake machubu anu apadera muwanyamule kuchokera kunyumba.

## 3. Yalani zonse pansi, muchotsepo

Yalani mkeka, ikanipo chilichonse chimene mukufuna kutenga. Gawani milu itatu: zolemera, zazikulu koma zopepuka, ndi zofunika pafupipafupi panjira. Kenako nyamulani chinthu chimodzichimodzi mudzifunse kuti chidzagwira ntchito liti. Chimene yankho lake ndi "mwina" chitsale, kupatula zida zokonzera, mankhwala ndi jekete la mvula.

Kumene anthu amachulutsa ndi ku zovala. Zopalasira ndi zimodzi, zogonera ndi zimodzi, basi. Fungo si matenda. Zogonerazo muziike m'jumbo yawoyawo ndipo musazivale masana ngakhale zitavuta bwanji, chifukwa ndizo zidzakupulumutseni usiku mutanyowa.

Za mpoto ndi chitofu, maganizo anga ndi akuti pa ulendo woyamba wodutsa m'midzi zisiyeni. Pa misika mupeza tiyi, mandasi, chipisi, nsima ya nyemba. Mpoto ndi wa amene akukagona pamwamba pa phiri kopanda anthu.

Ngati muli ndi sikelo, yezani. Katundu yense, osawerengera madzi, asapitirire makilogalamu 10 kapena 12.

## 4. Zolemera zikhale pakati pa felemu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Malo a makona atatu a pakati pa felemu ali pansi ndiponso pakati pa mawilo awiri, ndiye kulemera kukakhala pamenepo njinga imayenda ngati ilibe katundu. Zida, machubu, power bank, chiponde, ndi madzi ngati malo alipo, zonsezi kwawo ndi kumeneko.

Thumba la m'felemu telala wodziwa kusoka zikwama akhoza kukusokerani. Chitani motere. Tengani katoni, muitsamiritse ku felemu, mujambule ndi pensulo mkati mwa makona atatu aja, mudule. Ikani chizindikiro pamene pali mabawuti a mabotolo ndi pamene pakudutsa mawaya. Yesani katoniyo m'felemu. Ilowe bwinobwino osapindika. Telala adule nsalu ziwiri zolimba, ya kanivasi kapena ya lona, pa saizi imeneyo atawonjezera posokera, ndipo azilumikize ndi kansalu kozungulira ka masentimita 5 kapena 6 m'lifupi. Musalole kuti akulitse pamenepa. Akasoka masentimita 10 poganiza kuti akukukomerani mtima, thumbalo likadzaza lidzatupa n'kumakhula maondo anu pa kupalasa kulikonse. Zipi ikhale yaikulu mano, cha kumtunda, mbali ya dzanja limene mumagwiritsa ntchito. Timalamba tomangira tikhale titatu kumtunda, tiwiri kutsogolo, kamodzi kapena tiwiri kumbuyo.

Musanamange thumba lililonse, kulungani tepi yakuda pa felemu paliponse pamene lamba adzagwire. Fumbi likalowa pansi pa lamba limapala penti, ndipo pa felemu ya aluminiyamu limafika mpaka pa chitsulo m'masiku ochepa.

Polongedza, cholemera kwambiri chikhale pansi penipeni, pafupi ndi mapedulo. Zida zikulungeni m'nsanza kuti zisamalire ndiponso zisaboole machubu. Chubu chimene chakhala chikukhulana ndi sipanala tsiku lonse mudzachipeza chobooka kale pa nthawi imene mukuchifuna.

## 5. Ku mahandulo: zazikulu koma zopepuka

Tenti, sleeping bag ndi kamatiresi ndizo zipite kutsogolo. Zifinyireni m'thumba lalitali lija, mutulutse mpweya wonse, mupinde kukamwa kwake katatu. Ngati thumba lanu limalowa madzi, yambani mwaika jumbo yokhuthala mkati. Kulemera kwake kusapitirire makilogalamu 2 kapena 3. Kukaposa apo chiwongolero chimalemera ndipo pa mchenga njinga imakana kukhota.

Mangani ndi malamba awiri, wina kumanja wina kumanzere, ndi wachitatu wokokera thumbalo ku khosi la felemu kuti lisamadumphe. Zitsulo za tenti zikhale zopingasa limodzi ndi thumbalo, kapena muzimange pansi pa chitsulo chakumtunda cha felemu.

Chenjezo: yang'anani mawaya. Thumba likapanikiza waya wa buleki kapena wa giya, magiya amayamba kudumpha okha ndipo buleki imagwira mochedwa kubwerera. Ikani tizidutswa ta patapata wakale pakati pa thumba ndi mahandulo kuti pakhale mpata wa mawaya ndi wa zala zanu. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, mukugwira mabuleki.

Chenjezo lachiwiri, loopsa kuposa loyamba: ngati foloko yanu ndi ya masipuling'i, idinikizeni ndi thupi lonse muone ngati thumba likukhudza tayala. Pasiyeni mpata wa zala zitatu foloko itatsika. Thumba likagwira tayala lakutsogolo pa mtsetse, mumadutsa pamwamba pa mahandulo. Michira yonse ya malamba ipindeni, isalendewere pafupi ndi masipoko.

## 6. Kumbuyo: pang'ono, ndipo pothina

Thumba la pansi pa chishalo limanyamula zovala ndi chakudya chamadzulo. Lili ndi khalidwe limodzi loipa: mukaimirira pa mapedulo limagwedezeka uku ndi uku ngati mchira wa galu. Mankhwala ake ndi kalongedzedwe. Cholemera ndi cholimba chikankhireni mkati mwenimweni, pafupi ndi chitsulo cha chishalo, mudinikize ndi nkhonya kuti pasakhale mphako. Zopepuka zitsatire kumapeto. Mangani kaye lamba wa pa chitsulo, kenako awiri a pansi pa chishalo, muwakoke mpaka thumba liume gwa. Makilogalamu 3 kapena 4 ndi okwanira.

Ngati muli ndi kaliyala, palibe chifukwa chomuchotsera. Anthu afupi, amene chishalo chawo chili pafupi ndi tayala, kaliyala amawathandiza kuposa thumba lija. Vuto ndi loti malo akakhalapo munthu amafuna kuwadzaza. Ikani kachikwama kamodzi motsatira utali wa njinga, osati mopingasa, chifukwa m'tinjira ta m'tchire chopingasa chimakola m'zitsamba. Mangani ndi mphira za chubu. Pa ntchito imeneyi akabaza anatiphunzitsa kale kuti mphira imagwira kuposa chingwe, popeza imatsatira katundu akamatsika ndi mabampu. Koma onani kuti nsonga yake yamangidwa mfundo. Mphira ikalowa m'magiya akumbuyo imatha kupinda chosinthira magiya, ulendo n'kuthera pomwepo.

Kumsana musanyamule kanthu ngati n'kotheka. Zikakanika, kachikwama kakang'ono ka madzi ndi jekete, kosaposa makilogalamu 2. Kulemera kwa kumsana konse kumathera pa chishalo, ndipo tsiku lachiwiri matako ndiwo adzakuuzeni.

Foni, kamba wa panjira, ndalama ndi mankhwala zikhale pofikira dzanja: m'kathumba ka pamwamba pa felemu kapena m'matumba a malaya.

## 7. Werengerani madzi

Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye madzi ndiwo katundu wolemera kuposa onse. Kukatentha, wopalasa amamwa theka la lita kapena kuposerapo pa ola. M'mwezi wa October kunsi kwa Shire kapena m'mbali mwa nyanja, malita 3 amatha maola asanu asanakwane. Werengani maola a pakati pa mjigo wina ndi unzake, muwonjezerepo lita imodzi ya ngozi.

Ngati thumba latenga malo a mabotolo, mangani botolo limodzi pansi pa chitsulo chakumunsi cha felemu, ndi ena awiri m'mbali mwa foloko, lina uku lina uku kuti zilingane. Zoikamo mabotolo mutha kuzigwiritsa ndi zomangira mapaipi a madzi, mutayamba mwakulunga chidutswa cha chubu pa foloko. Botolo lililonse lizungulizidwe ndi mphira. Pa msewu wa mabampu mabotolo amadumpha osatsanzika. Lapansi lija limatola ndowe ndi matope, choncho musamwere pakamwa pake. Muzithira madziwo m'botolo lina.

Madzi a pa mjigo nthawi zambiri ndi abwino. A mumtsinje, ngakhale oyera mbee, athireni mankhwala motsatira malangizo a pa botolo ndipo mudikire mphindi 30, kapena muwawiritse. Pamwamba pa mapiri opitirira mamita 2,000 awire mphindi zitatu, chifukwa kumeneko madzi amawira asanatenthe kwambiri. Pewani kusamba m'madzi odikha. Likodzo silisankha kuti uyu ndi wa masewero.

Thukuta limapita ndi mchere. Botolo limodzi pa tsiku likhale la Thanzi. Akatha, sungunulani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi.

## 8. Chepetsani mpweya m'matayala

Ambiri amapopa mpaka tayala liume ngati la pa phula. Pa miyala ndi pa mabampu tayala lotero limadumphadumpha, siligwira pansi, ndipo manja amachita dzanzi. Kwa munthu wa makilogalamu 70 wokhala ndi katundu, pa matayala a mainchesi 2.1 kapena 2.2 a chubu, yambirani pa 30 mpaka 35 psi (muyezo wa mpweya wolembedwa pa geji ya mpope), lakumbuyo likhale lolimbirako kuposa lakutsogolo. Wopanda geji akwere njinga ayang'ane pansi: tayala lifutukuke pang'ono m'mbali, koma podutsa pa mwala mkombero usagunde.

Mukamva "kho" wa mkombero, imani muwonjezere mpweya. Kugunda kumeneko kumatsina chubu n'kusiya mabowo awiri oyandikana, ovuta kumata. Pa mchenga wautali mutha kuphwetsako pang'ono, bola mukumbukire kupopanso mukatuluka.

Amene ali ndi matayala opanda chubu, a madzi omata okha mabowo, savutika ndi minga. Koma madziwo amauma pakapita miyezi ingapo, msanga kwambiri kukamatentha. Gwedezani wilo mumve ngati akadalimo, ndipo chubu chapadera munyamulebe.

## 9. Yesani njinga itasenza zonse

Nyamulani njinga masentimita 10 muigwetse. Chimene chalira kapena kugwedera, chimangeninso. Kenako palasani ola limodzi kapena awiri pa msewu woipa kuposa yonse ya kwanuko, madzi atadzaza. Imirirani pa mapedulo, tsikani mtsetse, gwirani mabuleki mwadzidzidzi, dutsani magiya onse. Mukabwerako malamba adzakhala atafooka. Ndi mmene amachitira katundu akakhazikika. Kokaninso, ndipo pa ulendo weniweni muzichita chimodzimodzi pakatha mphindi 30 zoyamba m'mawa uliwonse.

Usiku womwewo imikani tenti pabwalo, mugonemo. Kuli bwino kuzindikira muli pakhomo kuti chikhomo china chikusowa kapena kuti bulangete ndi lopyapyala.

## 10. Panjira

Nyamukani kukungocha. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndiye konzani zofika pogona cha m'ma 4. Uzani wina kunyumba njira yanu ndi nthawi imene aziyembekezera foni.

Idyani kanthu mphindi 45 zilizonse, njala isanabwere: nthochi, mtedza wodzaza dzanja, chidutswa cha mbatata. Njala ya panjinga ikafika miyendo imangoti zii, ndipo pamatenga nthawi kuti mphamvu ibwerere.

Pa chitunda lowani giya yofewa msanga, musanayambe kulimbana nacho. Kusintha giya mukuponda mwamphamvu ndiko kumadula tcheni. Chikakula, tsikani mukankhe; palibe manyazi. Pokankha pa phiri lenileni, tambasulani manja, gwirani mabuleki onse, pondani masitepe awiri, kankhaninso. Pa mtsetse bwezani thupi kumbuyo, mapedulo alingane, mabuleki muziwagwira ndi kuwasiya. Kuwakanikiza osalekeza kumatenthetsa mkombero mpaka chubu kuphulika.

Tayala likaphwa, musathamangire kuika chubu chatsopano. Yendetsani chala pang'onopang'ono mkati mwa tayala monse mpaka mupeze munga, apo ayi chatsopanocho chibookanso pomwepo. Pomata chigamba, palani ndi sandipepala, pakani solushoni mopyapyala, mudikire iume mpaka isiye kunyezimira, kenako matani ndi kudinikiza. Chigamba chomatidwa pa solushoni yaiwisi chimamatuka. Tayala likang'ambika m'mbali, ikani mkati chidutswa cha tayala lakale kapena chubu cha mankhwala otsukira mano chodulidwa, chidzakufikitsani pa msika.

M'nyengo ya mvula, dothi lofiira la katondo limamatirira mpaka mawilo kuleka kuzungulira. Likayamba, imani mupale ndi kamtengo. Kukakamiza kumathyola chosinthira magiya.

## 11. Pogona

M'dera la midzi musabisale m'tchire. Mudzaonedwa ndithu, ndipo mlendo wobisala amakayikitsa. Fikani kukadali kowala, perekani moni, funsani kwa amfumu. Nenani kumene mwachokera, kumene mukupita, ndi kuti mukupempha pongoimika tenti usiku umodzi. Kawirikawiri adzakulozerani pabwalo lawo, pa sukulu kapena pa tchalitchi. M'mawa tsanzikani, ndipo kusiya kangachepe, kaya shuga kaya sopo, ndi ulemu.

M'nkhalango za paini monga ku Chikangawa musakoleze moto m'chilimwe. Zinyalala zanu zonse zibwerere nanu. Njinga igone pafupi ndi mutu wanu, itamangidwa ku mtengo kapena ku tenti, ndipo nsapato muzikutumule musanavale.

## Ngati cholinga chanu ndi mpikisano

Werengani malamulo musanagule chilichonse, chifukwa mipikisano ya njinga za m'tchire imasiyana kwambiri. Ya tsiku limodzi, monga umene wakhala ukuchitikira ku Luwawa ku Viphya, imangofuna madzi, kamba, chubu, mpope ndi zida zochepa. Matumba onse aja asiyeni.

Ina ndi ya masiku angapo koma okonza amakunyamulirani katundu. Cape Epic ya ku South Africa, imene inayamba mu 2004, ndi yotero: masiku 8, anthu awiriawiri, ndipo awiriwo saloledwa kutalikirana kuposa mphindi ziwiri. Kumeneko chofunika ndi mnzanu wa mphamvu zofanana ndi zanu.

Mtundu wachitatu ndi umene malangizo awa akukonzekeretsani: wodzidalira. Pa Tour Divide, kuchokera ku Banff ku Canada mpaka ku Antelope Wells pa malire a America ndi Mexico, mtunda woposa makilomita 4,000, palibe galimoto yokutsatirani. Mumagula chakudya m'masitolo amene aliyense angagulemo, mumagona pamene mwatopera, wotchi siima. Freedom Challenge, yochokera ku Pietermaritzburg kulowera ku Western Cape m'nyengo yozizira, imaletsa kutsata njira ndi GPS. Mumayenda ndi mapu a pepala ndi kampasi. Mipikisano yambiri yotere ili ndi mndandanda wa zinthu zokakamiza, monga nyali, chisoti ndi chofunda cha pangozi, ndipo amaziyang'ana musananyamuke.

Lamulo limodzi ndi la yonse: pa tsiku la mpikisano musavale kapena kumanga chinthu chimene simunachiyesepo. Chishalo chatsopano ndi nsapato zatsopano zatulutsa anthu amphamvu mumpikisano.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuunjika zonse kumbuyo. Wilo lakutsogolo limapepuka, pa chitunda limanyamuka, pa mtsetse siligwira. Sipoko limodzi likathothoka anzake amatsatira. Lisintheni pa msika woyamba, musadikire.

Kukwirira jekete la mvula pansi pa thumba. Chiperoni chikatsika pa Zomba kapena ku Mulanje simukhala ndi nthawi yomasula katundu yense. Likhale pamwamba, kapena lomangidwa kunja ndi mphira.

Solushoni youma. Kachubu kotsegulidwa kale kamauma kokha m'thumba. Tengani kosatsegula.

Quick link ya saizi ina. Ya tcheni cha magiya 8 sigwira pa cha magiya 10. Werengani magiya akumbuyo musanagule, ndipo phunzirani kudula ndi kulumikiza tcheni muli pakhonde.

Kudalira foni yokha. Mapu amadya batire, ndipo kuzizira kumaimaliza msanga. Zimitsani netiweki pamene simukuifuna, usiku foni ndi power bank zigone nanu m'zofunda.

Kabudula wa msoko pakati, kapena wonyowa ndi thukuta la dzulo. Zilonda za pa chishalo zimayambira pamenepo. Mukafika pogona vulani, sambani ngakhale ndi kapu imodzi ya madzi, chapani kabudulayo ngati kuli koti aume. Pakani Vaseline pokhulana musananyamuke.

Ndalama zikuluzikulu zokha. Wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu alibe chenji cha K5,000, ndipo si paliponse pamene Airtel Money kapena Mpamba zingakuthandizeni. Sinthanitu m'tauni, muzigawe m'matumba awiri.

Kunyalanyaza kaphokoso katsopano. Njinga ikayamba kulira mwachilendo, imani nthawi yomweyo. Kawirikawiri ndi bawuti ya kaliyala imene yatsala pang'ono kugwa, kapena lamba amene wayamba kukhula tayala, ndipo kumanga kwake ndi kwa mphindi imodzi.